Shuga wa akuluakulu amayamba munthu adakali wabwinobwino

Tiyambe ndi kafunso. Kodi m'magazi a munthu wamkulu amene sakudwala muli shuga wochuluka bwanji? Kapu yodzadza? Theka la paketi? Ayi ndithu. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo m'mawa asanadye kanthu, shuga yense amene akuzungulira m'magazi amenewo amangokwana magalamu 4 kapena 5. Ndi kasupuni kamodzi kokha kotakasira tiyi. Akafika kasupuni kamodzi ndi theka, n'kumakhala choncho m'mawa uliwonse, achipatala amati munthuyo ali ndi matenda a shuga.

Tsopano ganizirani za nsima imene mwadya masana. Ufa wa magalamu 100, womwe si wambiri kwa mnyamata wa Fomu 3 wochokera ku mpira, uli ndi sitachi pafupifupi magalamu 70. M'matumbo sitachi ameneyu amaphwanyidwa n'kusanduka gulukosi, yemwe ndi shuga wa m'magazi amene tikunena pano. Ndiye kuti chakudya chimodzi chabweretsa shuga wochuluka kuwirikiza ka 15 poyerekeza ndi amene magazi amasunga. Koma pakangotha maola awiri kapena atatu, magazi amakhala abwerera ku kasupuni kawo kamodzi kaja. Winayo wapita kuti?

Ntchito imeneyi ndi ya insulini, homoni yochokera ku pancreas, kachiwalo kaja kali kuseri kwa chifu komwe munakajambula pa Bayoloje. Shuga akangokwera m'magazi, pancreas imatulutsa insulini, ndipo insuliniyo imayenda thupi lonse kukaodira pa makomo a maselo. Maselo a minofu ndi a mafuta akamva odi ameneyu amatsegula timakomo tawo, shuga n'kulowa. Chiwindi nacho chimauzidwa kuti chisiye kutulutsa shuga, chiyambe kusunga.

Vuto limayamba maselo akayamba kugontha. Insulini ikuodira, m'nyumba muli zii. Ndiye pancreas imachita zimene aliyense angachite: imaodira mokweza, kutanthauza kuti imatulutsa insulini yambiri kuposa kale. Zimenezi zimathandiza, ndipo zimatha kuthandiza kwa zaka zambiri. Pa nthawi yonseyi munthu samva kupweteka paliponse, ndipo ngakhale atayezetsa, shuga amaoneka kuti ali bwino kapena wangokwera pang'ono. Koma maselo opanga insulini aja amatopa. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain anasonyeza kuti pofika tsiku limene munthu akuuzidwa kuti ali ndi shuga, mphamvu ya maselo amenewa imakhala itatsika kale ndi pafupifupi theka. Awa ndiwo matenda a shuga a mtundu wachiwiri, omwe kuchipatala mudzamva akuwatchula kuti Type 2. Kale ankawatcha shuga wa akuluakulu, ndipo anthu oposa 9 mwa 10 aliwonse odwala shuga ali ndi mtundu umenewu.

Mwaonatu chifukwa chake nkhaniyi ikukukhudzani inu a zaka 15 kapena 17. Munthu amene wapezeka ndi shuga ali ndi zaka 40 sanayambe kudwala chaka chimenecho. Kugontha kwa maselo kunayamba kale, ndipo kadyedwe ndi kakhalidwe kamene kanakuyambitsa nthawi zambiri kamakhala kamene anazolowera ali wachinyamata.

Tisasokoneze ndi mtundu woyamba, Type 1. Umenewu umagwira kwambiri ana ndi achinyamata, ndipo umabwera chifukwa chitetezo cha m'thupi chawononga maselo opanga insulini. Suyamba chifukwa cha kadyedwe kapena ulesi, ndipo wodwalayo amafunika kubaya insulini tsiku lililonse. Insulini anaitulukira mu 1921 ku Toronto a Frederick Banting ndi a Charles Best, ndipo munthu woyamba kubayidwa, mu Januwale 1922, anali mnyamata wa msinkhu ngati wanu womwewu. Ngati m'kalasi mwanu muli mnzanu amene amabaya insulini, zonse zimene zili m'munsimu za kadyedwe si mlandu wake.

Nanga shuga akangokhala wokwera m'magazi, cholakwika n'chiyani? Amawononga mitsempha ya magazi pang'onopang'ono, kuyambira ing'onoing'ono ya m'maso ndi mu impso. N'chifukwa chake matendawa amabweretsa khungu, kufa kwa impso, sitiroko ndi matenda a mtima. Kumapazi kumachita dzanzi, moti munthu amatha kuponda minga osamva, chilonda n'kukula mpaka mwendo kudulidwa. Chitetezo cha m'thupi nacho chimafooka: munthu wa shuga amadwala TB mosavuta, kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi amene alibe.

Bungwe la WHO likuti anthu odwala shuga padziko lonse anachoka pa 200 miliyoni mu 1990 kufika pa 830 miliyoni mu 2022. Kuno kwathu, kafukufuku amene anachitika ku Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016, pa anthu pafupifupi 29,000, anapeza shuga mwa akuluakulu 3 pa 100 aliwonse m'tauni ndi 2 pa 100 aliwonse kumudzi. Ziwerengerozi zikuoneka zochepa, eti? Koma taonani izi: mwa anthu amene anapezeka nawo, 4 mwa 10 aliwonse sankadziwa n'komwe kuti akudwala.

Zimene simungasinthe

Choyamba ndi kumtundu. Ngati mayi, bambo kapena m'bale wanu wa bere limodzi ali ndi shuga wa mtundu wachiwiri, chiopsezo chanu chimakhala chokwera kuwirikiza kawiri kapena katatu. Palibe jini imodzi ya shuga imene munthu amalandira ngati chuma cha masiye. Asayansi apeza timalo mazanamazana mu DNA, kalikonse kongowonjezera pang'ono, ndipo tambiri mwa ito timakhudza mphamvu ya maselo opanga insulini aja. Ndiye zimene mumatengera si matendawo, koma pancreas yotopa msanga kapena yopirira. Komanso paja banja limodzi limadyera mbale imodzi, choncho zina zimene timati n'zakumtundu ndi zam'khitchini chabe.

Chachiwiri ndi msinkhu. Munthu akapitirira zaka 40 chiopsezo chimakwera, mwa zina chifukwa minofu imayamba kuchepa pamene mafuta akuwonjezeka. Mayi amene shuga wake anakwera ali woyembekezera nayenso amakhala pa chiopsezo chachikulu m'tsogolo, ngakhale shugayo atatsika atangobereka. Chimodzimodzi atsikana ndi amayi amene ali ndi vuto la mahomoni lotchedwa PCOS, lomwe limachititsa kuti msambo uzidumphadumpha.

Chachitatu n'chimene ambiri sachiyembekezera: njala ya paubwana. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili kumapeto, kumadzulo kwa dziko la Netherlands kunagwa njala yoopsa. Patapita zaka 50, asayansi anayeza anthu amene anali m'mimba mwa amayi awo pa nthawi ya njalayo, ndipo anapeza kuti matupi awo ankavutika kutsitsa shuga kuposa anzawo amene anabadwa njala isanagwe kapena mimba zawo zinayamba itatha. Mu 1992, a Nicholas Hales ndi a David Barker a ku Britain anafotokoza maganizo akuti mwana akamasowa chakudya m'mimba kapena ali wakhanda, thupi limasamala ubongo poyamba, ziwalo zina monga pancreas ndi minofu n'kukula moperewera. Thupi lotere lili ngati nyumba yomangidwa moyembekezera alendo ochepa. Bola moyo ukhalebe wa kumunda ndi chakudya chapatalipatali, zimayenda. Koma mwana uja akakula, n'kupeza ntchito ya muofesi, n'kumadya tchipisi ndi zoziziritsa kukhosi tsiku ndi tsiku, pancreas yake imalemedwa msanga kuposa ya mnzake amene anakula akudya mokwanira.

Izi zikutikhudza kwambiri. Kafukufuku wa dziko lonse wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi anali opinimbira. Ena mwa ana amenewo ndi inu amene muli ku sekondale lero. Si kuti aliyense amene anabadwa wochepa thupi kapena anapinimbira adzadwala shuga, ayi. Koma zikutithandiza kumvetsa chifukwa chake m'zipatala za mu Africa muno mumapezeka odwala shuga ambiri amene si onenepa n'komwe. Ndiye mawu aja akuti "ine ndine wowonda, shuga ndi wa mabwana" asakupusitseni.

Nkhani ya mimba

Pa zinthu zimene munthu angathe kusintha, chachikulu ndi mafuta, koma osati mafuta aliwonse. Mafuta a pansi pa khungu, a m'ntchafu ndi m'matako, amakhala phee, savuta kwenikweni. Ovuta ndi a mkati mwa mimba, amene amakuta matumbo ndi kulowerera m'chiwindi. Mafuta amenewa sangokhala. Amatulutsa tizidutswa ta mafuta ndi timadzi toyambitsa kutupa, ndipo zambiri mwa izi zimapita molunjika ku chiwindi kudzera mu mtsempha uja wa hepatic portal vein, womwe umakonda kubwera pa mayeso. Chiwindi chodzadza mafuta chimasiya kumvera insulini, n'kumangotulutsa shuga ngakhale magazi ali naye kale wokwanira. Mafuta akalowanso m'maselo a minofu amatsekereza uthenga wa insulini, odi uja osamveka.

N'chifukwa chake sikelo payokha sinena zonse. Anthu awiri akhoza kulemera makilogalamu 70 onse, wina ali ndi minofu, wina ali ndi kamimba. Njira yabwino yodziwira ndi yosafuna ndalama. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwa munthu kuchokera kuphazi mpaka pamutu, mudule. Kenako chipindeni pakati, muchizungulize m'chiuno, chapakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, cha pamchombo apo, munthuyo atatulutsa mpweya koma osakoka mimba. Ngati chingwe chopindacho chakumana, zili bwino. Ngati chaperewera, ndiye kuti chiuno chaposa theka la kutalika kwake, ndipo mafuta a m'mimba ayamba kuchuluka. Kayeseni ndi a bambo kapena a malume kunyumba, koma mukapemphe mwaulemu.

Ndikudziwa kuti apa tikugundana ndi chikhalidwe. Kwathu kuno munthu akabwera kumudzi atanenepa timamuyamikira kuti "koma ndiye zikukuyenderanitu!" Akaonda, anthu amayamba kunong'onezana kuti kaya akudwala chiyani. Maganizo amenewa ali ndi pochokera, chifukwa taona njala ndiponso taona matenda oondetsa. Koma mapeto ake munthu amene adokotala amuuza kuti achepetse thupi amaopa pakamwa pa anthu kuposa matenda. Kafukufuku wa ku Karonga ndi Lilongwe uja anapeza kuti amayi 44 mwa 100 aliwonse a m'tauni anali ndi thupi lopitirira muyezo, ndipo ngakhale kumudzi anali 27 mwa 100 aliwonse. Vutoli si la ku America kokha.

Chenjezo kwa inu amene mukukula: izi si zoti muyambe kudzimana chakudya. Thupi la wachinyamata likumanga mafupa, magazi ndi minofu, ndipo mtsikana amene akudumpha chakudya kuti akhale kathupi kakang'ono akudziitanira kuchepa kwa magazi. Pa nthawi yotha msinkhu, mahomoni okulitsa thupi amachititsa kuti maselo agonthe pang'ono kwa insulini, ndipo mwa ambiri zimabwerera mwakale akamaliza kukula. Amene ayenera kusamala ndi wachinyamata amene thupi lakula kwambiri, kwawo kuli shuga, makamaka ngati khungu la kumbuyo kwa khosi kapena m'khwapa lada n'kukhuthala ngati litsiro losachoka ndi sopo. Limenelo nthawi zambiri si litsiro, ndi chizindikiro choti insulini yachuluka m'magazi. Osalikwecha ndi mwala, kalionetseni kuchipatala.

Minofu ndiyo nkhokwe

Mukadya, gawo lalikulu la shuga amene insulini ikuchotsa m'magazi limalowa m'minofu. Ndiye minofu ndiyo nkhokwe yaikulu ya shuga m'thupi. Ndipo ili ndi chinsinsi chimodzi chosangalatsa kwambiri. Mnofu ukamagwira ntchito, timakomo ta shuga tija, tomwe asayansi amatitcha GLUT4, timatseguka tokha popanda kudikira odi wa insulini. Kuwonjezera apo, mukamaliza masewera, maselo a minofu amakhala akumva insulini bwino kwa tsiku lathunthu kapena masiku awiri. Koma phindu limeneli silisungika ngati chimanga. Likatha limafuna kuyambiranso, n'chifukwa chake kuthamanga kamodzi pa teremu, pa tsiku la mipikisano ya sukulu, sikuthandiza kwenikweni.

WHO imalangiza kuti ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi mphindi 60 pa tsiku, ndipo akuluakulu mphindi zosachepera 150 pa sabata. Sikuti mpaka ku jimu. Ngati mumayenda makilomita 4 kupita kusukulu, mumatunga madzi, kulima, kuwaza nkhuni kapena kupalasa njinga, mukukwanitsa kale ndipo mwina mukupitirira. Mpira wa miyendo, wa manja, fulaye, kuvina, zonsezi n'zowerengedwa. Choti muyang'anire ndi tsiku limene zimenezi zidzathe. Ambiri zimawathera akangolemba MSCE. Ku koleji ndi pampando, kuntchito ndi pampando, ulendo wa mphindi 10 ndi pa kabaza, madzulo ndi pa foni mpaka tulo. Mbale ya nsima imakhalabe yomwe ija ya masiku olima, koma minofu yoti ilandire shuga wake yagona. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene Amalawi ambiri ophunzira amagwera, osati pa kudya maswiti.

Kwa munthu wamkulu amene ntchito yake ndi yokhala pansi, ngakhale kuyenda mphindi 10 kapena 15 atangomaliza kudya kumachepetsa kukwera kwa shuga wa chakudya chimenecho. Ndi GLUT4 yemwe uja akugwira ntchito.

Za m'botolo ndi za m'mbale

Kodi kudya shuga ndiko kumayambitsa matenda a shuga? Yankho si eya kapena ayi wachindunji. Supuni ya shuga siisanduka matenda. Koma shuga wambiri, makamaka wakumwa, amanenepetsa ndi kudzadza chiwindi mafuta, ndipo kafukufuku wambiri wasonyeza kuti anthu omwa zotsekemera tsiku lililonse amadwala shuga kwambiri kuposa omwa mwa apo ndi apo. Vuto la chakumwa ndi loti sichikhutitsa. Mutadya mbatata ziwiri mumva kuti mwadya, koma botolo limangodutsa, nsima n'kudyabe yonse.

Tiwerengere limodzi. Zoziziritsa kukhosi zambiri zimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa mamililita 100, ndipo mukhoza kutsimikiza powerenga pa botolopo. Botolo la mamililita 500 ndiye kuti lili ndi magalamu 50, omwe ndi masupuni a tiyi 12. Mukukumbuka kuti magazi onse amasunga kasupuni kamodzi? WHO imati shuga wothira asapitirire magalamu 50 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo ndi bwino kwambiri atakhala 25. Botolo limodzi lamaliza kale gawo la tsiku lonse, tisanawerengere masupuni 3 kapena 4 a mu tiyi wa m'mawa, a m'phala, sikwashi wothira mowolowa manja, mafirizesi a pageti ya sukulu ndi thobwa wotsekemera uja. Majuwisi a m'mapaketi ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu, zomwe ena mumamwa powerenga usiku, zili m'gulu lomweli. Ngati mukufuna kusintha chinthu chimodzi chokha, sinthani ichi: ludzu ndi la madzi, botolo ndi la pa chikondwerero. Mu tiyi, chepetsani theka la supuni sabata iliyonse. Lilime limazolowera.

Chipatso chathunthu ndi nkhani ina. Gwafa, papaya, masuku, mango ndi malalanje zili ndi shuga, inde, koma ali womangika m'kati mwa zinthu zosagayika msanga zija mumazitcha fibre, choncho amalowa m'magazi mwapang'onopang'ono. Mukachifinya n'kutaya zotsalira, mwataya chitetezo chimenecho.

Tsopano nsima. Palibe amene akunena kuti musiye, ndipo amene anganene zimenezo m'Malawi muno akungotaya nthawi. Koma taganizirani zimene timachita popanga ufa woyera. Timakonola chimanga kuchotsa gaga ndi kamtima kake, timaviika mphale m'madzi masiku angapo, kenako kuchigayo. Zimene zapita ku nkhuku ndi nkhumba ndiye fibre, mafuta abwino, mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi. Ife tatsala ndi sitachi pafupifupi yekhayekha. Mgaiwa umasunga zonsezo. Ndiye inu a sukulu zogonera konko, amene mumadandaula nsima ya mgaiwa ndi nyemba tsiku ndi tsiku, pa nkhani iyi yokha mukudya bwino kuposa anzanu a mpunga woyera ndi soseji. Za anankafumbwe mu nyembamo ndiye ndilibe mawu.

Komabe tisanamizane, mgaiwa nawo ndi sitachi, ndipo mitanda 5 ya mgaiwa ikweza shuga kuposa mitanda iwiri ya ufa woyera. Chofunika kwambiri ndi kukula kwa nsima poyerekeza ndi ndiwo. Mbale yathu nthawi zambiri imakhala phiri la nsima ndi kandiwo kongonyowetsera pakhosi. Kwa munthu wamkulu amene salima kapena kunyamula katundu, achipatala amalangiza kuitembenuza: theka la mbale likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi nsima, mpunga, mbatata kapena kondowole, gawo lotsalalo nyemba, nsomba, mazira kapena nyama. Ubwino wake masamba athu si odula. Bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, chigwada, mpiru, therere, zina zimamera zokha kuseri kwa nyumba. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama ndi zina mwa zakudya zimene zimakweza shuga pang'onopang'ono kwambiri. Usipa ndi matemba siziwonjezera shuga n'komwe. Ndi magulu 6 a zakudya omwe aja munaloweza ku pulayimale, kungoti pano mwadziwa chifukwa chake. Mandasi, tchipisi cha pachiwaya ndi buledi woyera wopaka majarini wambiri zimaphatikiza sitachi wopanda gaga ndi mafuta ochuluka, ndiye zikhale za apo ndi apo, osati nkhomaliro ya tsiku lililonse.

Pali zinanso zingapo zoti tizitchule mwachidule. Osuta fodya amakhala ndi chiopsezo chokwera ndi 30 mpaka 40 peresenti, chifukwa nikotini amagonthetsa maselo kwa insulini. Mowa wambiri umakulitsa mimba ndi kuwononga chiwindi ndi pancreas. Kusagona mokwanira kumasokoneza mahomoni a njala ndi a shuga, ndipo pa msinkhu wanu thupi limafuna maola 8 mpaka 10, zomwe ndikudziwa kuti pa nthawi ya mayeso zimamveka ngati nthabwala. Mankhwala ena, monga prednisolone akamwedwa nthawi yaitali, amakweza shuga, ndipo anthu ena amawagula mwachisawawa pofuna kunenepa, zomwe n'zoopsa kwambiri. Ma ARV ena amawonjezera thupi, koma apa mvetsetsani bwino: palibe amene ayenera kusiya ma ARV poopa shuga. Choyenera ndi kupempha kuti aziyezedwa shuga ndi BP akapita kukatenga mankhwala.

Kodi zimathandizadi?

Ili ndi funso labwino, chifukwa malangizo a zaumoyo ndi ambiri ndipo si onse amene anayesedwa. Awa anayesedwa. Ku United States anatenga anthu 3,234 amene shuga wawo anali atakwera kale koma asanafike pa matenda, n'kuwagawa mwamaere m'magulu atatu. Gulu loyamba linapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala, lachiwiri mankhwala a metformin, ndipo lachitatu linathandizidwa kuti lizichita zolimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata ndi kuchepetsa kulemera ndi 7 peresenti. Zotsatira zinatuluka mu 2002, patatha pafupifupi zaka zitatu. Metformin anachepetsa chiwerengero cha odwala ndi 31 peresenti. Kusintha kadyedwe ndi kuyenda kunachepetsa ndi 58 peresenti. Kafukufuku wina wa ku Finland, yemwe anatuluka mu 2001, anapezanso 58 peresenti yomweyo.

Taonani kuchepa kwa zimene anapemphedwa. Kwa munthu wolemera makilogalamu 80, 7 peresenti ndi makilogalamu osakwana 6. Mphindi 150 ndi kuyenda ndawala theka la ola masiku 5 pa sabata. Sanauzidwe kuti akhale othamanga mipikisano kapena kuti abwerere ku thupi la pa unyamata. Komanso onani kuti 58 si 100. Ena anachita zonse bwinobwino koma anadwalabe, chifukwa zakumtundu ndi za paubwana zija zilipobe. Choncho munthu akapezeka ndi shuga si umboni woti anali wadyera kapena waulesi, ndiponso si kulodzedwa. Matendawa sapatsirana, mukhoza kudyera naye mbale imodzi.

Kunyumba kwanu

Mwina inuyo muli ndi zaka zambiri musanafike pa msinkhu woopsa, koma makolo anu, azakhali ndi agogo afika kale, ndipo m'mabanja ambiri wa ku sekondale ndi amene amafunsidwa kuti awerenge zolembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Ndiye dziwani manambala awa. Munthu akayezedwa m'mawa atakhala maola 8 osadya, shuga wabwinobwino amakhala pansi pa 6.1 mmol/L, zomwe pa makina ena zimalembedwa 110 mg/dL. Kuyambira 7.0 mmol/L, kapena 126 mg/dL, ndi matenda a shuga, ndipo ngati munthuyo alibe zizindikiro achipatala amabwereza tsiku lina asanatsimikize. Pakati pa manambala awiriwa ndi pamene munthu ali pakhomo pa matenda. Kuyeza kwake ndi kabaya kamodzi pachala, ndipo zipatala za maboma zimakhala ndi kiliniki ya shuga ndi BP.

Amene ayenera kukayezetsa asanamve kalikonse ndi munthu wopitirira zaka 40, amene chingwe chija chaperewera, amene kwawo kuli shuga, wa BP yokwera, amene akulandira mankhwala a TB kapena ma ARV, ndi mayi amene anakhalapo ndi shuga ali woyembekezera kapena anabereka mwana wolemera makilogalamu oposa 4. Kudikira zizindikiro n'kuchedwa, chifukwa zimabwera shuga atakwera kwambiri. Akapitirira pafupifupi 10 mmol/L, impso zimalephera kumubweza yense m'magazi, ndiye amatayikira mu mkodzo n'kukoka madzi ambiri. Apo ndi pamene munthu amayamba kukodza pafupipafupi ngakhale usiku, kumva ludzu losatha, kufooka, kuona mwachimbuuzi ndi kuonda akudya bwinobwino. Asing'anga akale a ku India ankazindikira matendawa poona nyerere zikuunjikana pa mkodzo, ndipo chizindikiro chimenecho n'choona mpaka lero.

Zizindikiro zomwezi zikabwera mwadzidzidzi mwa mwana kapena wachinyamata, m'masiku kapena masabata ochepa, makamaka ngati akusanza, kumva m'mimba kapena kupuma mwabefu, ukhoza kukhala mtundu woyamba uja. Umenewo sudikira kusintha kadyedwe kapena mankhwala azitsamba. Auzeni a matironi, aphunzitsi kapena makolo, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukafika nenani momveka kuti amuyeze shuga.